Tsamba la Fodya, Tsamba la Buku

## Madzulo a Okutobala ku Kapata

Pali madzulo ena a Okutobala amene sachoka m'mutu mwanga. Phiri la Kanjala linali litabisala m'fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, ndipo ngakhale dzuwa linali litapendeka, simenti ya pa khonde inkaotchabe kumapazi. Pa khondepo, ku Kapata, panakhala munthu ndi amalume ake. Munthuyo, bambo wa zaka za m'ma 30, anali atabwera ndi ma cigar asanu, fodya wokulungidwa m'masamba ake omwe popanda pepala, kuchokera ku Lusaka milungu itatu m'mbuyomo. Amalumewo anakalambira m'chigafa cha fodya wa burley cha ku Chipangali. Ndudu sanaikepo pakamwa, koma tsamba la fodya silingawanamize.

Pa kampando ka pambali panali buku la zaumbanda lopanda chikuto, atalisiya chafufumimba pomwe analekezera.

Bamboyo anatulutsa cigar imodzi yakuda bii, ya ku Nicaragua, m'dirowa momwe inagona milungu yonseyo pamodzi ndi makiyi ndi malisiti. Atangoidula kumutu, tsamba lakunja linalira kuti tswa, n'kung'ambika mpaka pakati ngati khungwa la bulugamu. Anaiyatsabe. Moto unathamanga mbali imodzi, iye n'kumakoka motsatizana kuti auwongole. Pasanathe mphindi 15 anali atagwira chipumi, thukuta lili kamukamu.

"Malume, andibera. Fodya ameneyu ndi wabodza."

"Tabwera nayo kuno, mphwanga."

Amalumewo anadula mbali yopsayo, anayala nyuzipepala pa simenti, anatenga lezala n'kuitumbula cigar ija m'litali ngati nsomba. Anapatula masamba limodzilimodzi. Lina analiloza kudzuwa lolowa, lina analinunkhiza, lina analitikita pakati pa zala ndipo linayoyoka ngati gaga.

"Fodya alibe mlandu. Tsambali ndi lathunthu, ndipo analisunga nthawi, tamva fungo lake. Wamupha ndi ludzu ndiwe. Unandionapo ine ndikusankha fodya dzuwa lili paliwombo? Timadzuka mame asanakamuke, tsamba likadali lofewa. Ukaligwira louma umadinda zinyalala."

Masamba otsalawo anawaika m'beseni, n'kuphimba kukamwa kwa beseni ndi nsalu yonyowa yofinya bwino, osalola nsaluyo kukhudza fodya. M'mawa mwake tsamba lomwe linkayoyoka lija linatambasuka ngati kansalu, kumakokeka osang'ambika.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wowerenga mabuku a ofufuza milandu ndiye anathamangira kuloza chala wogulitsa. Mkulu amene mabuku amenewa sawadziwa ndiye anachita zomwe mabukuwo amaphunzitsa: anayamba wafunsa mtembo. Zonse zili m'munsimu zikuchokera pa nyuzipepala ija.

## Zomwe zinali pa nyuzipepala

Cigar yokulungidwa ndi manja ili ndi magawo atatu. Kunja kuli tsamba limodzi losalala, limene ogulitsa amalitcha wrapper. Pansi pake pali tsamba lolimba lomangira, binder. M'kati muli filler, masamba angapo opindidwa m'litali kuti mpweya uzidutsa. Mu cigar yabwino masamba am'katiwa amachokera kumutu, kokokera utsi, mpaka kuphazi, koyatsira moto, osaduka. Mukatumbula n'kupeza tizidutswa ngati ta mu ndudu, imeneyo ndi yotchipa, ndipo imapsa msanga ndi kutentha pakamwa.

Mphamvu imakhala m'kati. Aliyense amene anathyolapo fodya akudziwa kuti masamba apansi ndi opyapyala, apamwamba ndi okhuthala ndi omata m'manja, makamaka mukadula nsonga ndi kuchotsa mphukira. Nikotini amapangidwa kumizu ndipo amakaunjikana kwambiri m'masamba apamwambawo. Ku Cuba masamba apansi amati volado, ndiwo amathandiza moto kuyaka. Apakati amati seco, ndiwo amapereka fungo. Apamwamba ndi ligero, mwini mphamvu. Ligero amayaka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake wokulunga amamuika pakati penipeni. Phulusa likagwa mumaona khala losongoka pang'ono ngati nsonga ya pensulo yobuntha. Limenelo ndi ligero akutsalira m'mbuyo mwa anzake, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Ambiri amasocherera pa mtundu. Cigar yakuda si ndiye kuti ndi yamphamvu. Tsamba lakunja lakuda, maduro, limada chifukwa chokhalitsa pa mulu wotentha, ndipo nthawi zambiri limatsekemera ngati shuga wopserera kapena koko. Lotchuka ndi la ku San Andrés ku Mexico ndi la Broadleaf la ku Connecticut. Mutha kupeza cigar yakuda yofatsa, ndiponso yofiirira imene ingakugwetseni. Pogula funsani za m'kati, osati za malaya.

Wina angafunse kuti bwanji osangokulunga burley wa m'chigafa chathu. Choyamba, mbewu ndi zosiyana. Chachiwiri, fodya wa cigar akauma m'chigafa kwa mwezi ndi theka kapena iwiri, ntchito imakhala itangoyamba. Amamunyowetsa n'kumuunjika milu ikuluikulu. Muluwo umatentha wokha kupitirira madigiri 40, amauphwasula, akunja n'kupita m'kati, n'kuunjikanso, kwa milungu kapena miyezi. M'menemo ndi momwe ammonia amachoka ndipo kuwawa kumaphwa. Kenako amamusunga m'mabelo chaka chimodzi kapena zingapo, ligero motalikirapo. Tsamba losadutsa njira imeneyi limabaya pakhosi ngati chingambwe chatsopano.

Ma cigar odziwika ndi mphamvu ambiri amachokera ku Estelí ku Nicaragua, komwe kuli dothi lakuda la mapiri ophulika. Fakitale ya Joya de Nicaragua inayamba kumeneko mu 1968. Ku Cuba fodya wapamwamba amalimidwa ku Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, ndipo Partagás, imene inayamba mu 1845 ku Havana, pamodzi ndi Bolívar, ndi zina mwa zolemera utsi. Ma cigar abodza aliko ndithu. Munthu akakuonetsani Cohiba, cigar yotchuka ya ku Cuba, m'bokosi la chivindikiro cha galasi pa mtengo wosangalatsa, musatulutse ngwee.

Ndipo tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Mphamvu mumaimva m'mutu ndi m'mimba, ndi nikotini. Kulemera kwa utsi mumakumva pa lilime, monga kusiyana kwa thobwa ndi madzi. Kuwawa kokanda pakhosi si mphamvu ayi, ndi chizindikiro chakuti fodya wauma, wapsa ndi kukoka kwambiri, kapena sanakhwime.

## Nyengo ya kuno ndiyo mdani

Tsamba la fodya limamwa ndi kulavula chinyontho moyo wake wonse, ngakhale litakulungidwa kale. Cigar imafuna chinyontho cha mumpweya cha 65 mpaka 70 peresenti, ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21. Chipata amapereka zimenezi masiku owerengeka pa chaka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mpweya ndi wouma ndipo masana a Okutobala amadutsa madigiri 30. Kuyambira Disembala mpaka Malichi nyumba imanyowa mpaka nsapato kuchita chuku pansi pa bedi. Cigar ya m'dirowa imafa kawiri: ndi ludzu m'chilimwe, ndi chuku m'dzinja.

Bokosi lodula la matabwa si loyamba kugula. Kuno kontena ya pulasitiki yosungira chakudya, ija ya mphira pa chivindikiro ndi zokowera mbali zinayi, imagwira ntchito bwino kuposa bokosi lotchipa lotayitsa mpweya m'mbali. Ikhale yatsopano. Itsukeni ndi sopo wopanda fungo, iume tsiku lathunthu, muinunkhize. Ngati ikununkha pulasitiki kapena ndiwo, fodya adzatenga fungolo. Pansi yalani timatabwa topyapyala ta Spanish cedar timene timabwera m'mabokosi a cigar. Paini ndi bulugamu ayi, fungo lake limalowerera.

Chinyontho chosavuta kuchisamala n'cha timapaketi tomwe timatulutsa ndi kumwa madzi tokha, monga ta Boveda, tolembedwa 62, 65, 69 kapena 72. Kwa cigar yamphamvu ndimalimbikitsa 65. Ligero ndi wokhuthala ndi wamafuta, akanyowa kwambiri amatseka mpweya ndipo moto umazimazima. Paketi ya magalamu 60 imakwanira kontena ya ma cigar 20 kapena 25. Ikauma n'kumamveka ngati mchenga wolimba m'manja, yatha. Ngati mapaketi palibe, ikani kasiponji katsopano m'kachivindikiro ka botolo, konyowetsedwa ndi madzi a distilled, oyeretsedwa powasandutsa nthunzi, kosakhudza fodya. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amabweretsa chuku. Ena amagula madzi othira m'batire ya galimoto. Zimatheka, koma werengani botolo kawiri, chifukwa pa shelefu yomweyo pamakhala asidi.

Musakhulupirire chala chokha. Gulani hygrometer yaing'ono ya manambala, kachipangizo koyezera chinyontho cha mumpweya, ndipo muiyese musanaidalire. Dzazani kachivindikiro ka botolo ndi mchere wa patebulo, dontheziranimo madzi mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa, osasungunuka. Tsekerani kachivindikiroko ndi hygrometer m'thumba la pulasitiki lotseka bwino kwa tsiku limodzi. Iyenera kuonetsa 75. Ikaonetsa 71, dziwani kuti imabisa 4, muziwonjezera nthawi zonse powerenga.

Kontenayo ikhale pansi pa simenti, m'chipinda cha m'kati, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa la madzulo, osati pamwamba pa wadiropu pafupi ndi malata. M'firiji musasungiremo. Firiji imaumitsa, ndipo fodya amatuluka akununkha kapenta. Tsegulani kontena kamodzi pa sabata kwa mphindi imodzi kuti mpweya usinthe.

Kutentha kuli ndi choopsa china. Muli kachilombo ka fodya, kofiirira, kakang'ono ngati nankafumbwe, kamene mazira ake amatha kubwera ali kale m'tsamba. Kukatentha kupitirira madigiri 23 kapena 24 kwa masiku angapo, mazira amaswa. Mumazindikira ndi kabowo kozungulira ngati kobooledwa ndi singano, ndi fumbi lofiirira logwa mukagogoda phazi la cigar pa pepala loyera. Kuno kuziziritsa chipinda chaka chonse n'kovuta, choncho iphani mazira pofika pomwe. Ikani ma cigar m'matumba awiri otseka, mpweya mutaufinya, agone m'firiji tsiku limodzi, m'firiza masiku atatu kapena anayi, abwerere m'firiji tsiku limodzi, kenako akhale m'chipinda maola angapo thumba lisanatsegulidwe. Mukadumpha masiku a m'firiji aja, tsamba lakunja limang'ambika ndi kusintha kwadzidzidzi. Magetsi akazima nthawi yaitali mpaka firiza kusungunuka, yambaninso kuwerenga.

M'dzinja yang'anirani chuku. Ngati ndi toyera tochepa pa tsamba lakunja pokha, pukutani ndi nsalu youma, patulani cigar imeneyo, tsukani kontena, tsitsani chinyontho kufika 62. Ngati n'chobiriwira, kapena chalowa kuphazi m'kati mwa masamba, tayani. Palibe chopulumutsa.

Nanga cigar youma kale, ngati zinayi zotsala za bambo uja? Beseni la amalume linali lothandiza pa masamba omasula, koma cigar yathunthu siifuna liwiro limenelo. Masamba am'kati akamwa msanga amafufuma, lakunja lisanafewe, ndipo imaphulika. Yambani ndi 62 kwa milungu iwiri, kenako 65 kwa milungu itatu kapena inayi, mukuitembenuza masiku angapo aliwonse. Yauma milungu yochepa imabwerera pafupifupi mwakale. Yauma miyezi yambiri imafewa, koma mafuta onunkhira anapita, ndipo sabwerera.

## Kudula, kuyatsa, kukoka

Kumutu kwa cigar kuli kachipewa ka tsamba komata. Dulani mamilimita awiri okha, pamwamba pa mzere womwe kachipewako kathera. Mukadutsa mzerewo tsamba lakunja limamasuka ngati bandeji. Chodulira cha mipeni iwiri n'chabwino, dulani kamodzi mwamphamvu. Lezala yatsopano imathanso ngati muizunguliza mofatsa. Mano ayi.

Musanayatse kokani kamodzi. Mpweya uzibwera ngati mukumwa maheu ndi kapaipi, movutirapo pang'ono koma osatseka. Ngati watsekeratu, fufuzani ndi zala pomwe pali mfundo yolimba, pafinyeni mofatsa mukuizunguliza, kapena cigar ikhale kunja kwa kontena maola angapo.

Moto ukhale wa laitala ya gasi kapena machesi, mutadikira kuti mutu wa machesi uthe kupsa. Kandulo, koloboyi ndi laitala ya petulo zimasiya fungo lake mu fodya mpaka kumapeto. Gwirani cigar chopendeka, phazi lili pamwamba pa lawi osaligunda, muizungulize mpaka m'mphepete monse mwada mofanana. Kenako ikani pakamwa, kokani pang'ono kawiri katatu mukuzungulizabe, muuzire kuphazi muone ngati khala lafiira ponseponse. Mphindi imodzi imene mwataya apa ndiyo imaletsa moto wa mbali imodzi.

Utsi sumezedwa. Umakhala m'kamwa pang'ono n'kutuluka. Kokani kamodzi pa mphindi. Mukafulumira, khala limatalika ndi kusongoka kwambiri, cigar imatentha m'zala, phula limasonkhana kumutu, kukoma konse n'kusanduka kuwawa. Mukachedwa kwambiri, kunja kumazima m'kati mukuyakabe, n'kupanga una. Mbali imodzi ikatsalira, itembenuzireni pansi, kapena ipsetseni pang'ono ndi laitala. Phulusa lisiyeni lifike masentimita awiri kapena atatu, limateteza khala ku mphepo. Ikazima, gwetsani phulusa, uzirani kunja kudzera kumutu kuti utsi wakale uchoke, yatsaninso. Yagona usiku wonse musaibwerere. Pomaliza musainyenye ngati ndudu, igonekeni izime yokha, fungo limachepa.

Chomwe chinagwira bambo uja ndi nikotini pa mimba yopanda kanthu. Cigar yamphamvu ndi ya pambuyo pa nsima, osati ya podikira nsima. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, malovu ambiri, chizungulire ndi nseru. Zikayamba, siyani pomwepo, khalani pansi pa mphepo, imwani madzi ndi tiyi wa shuga. Osalimbana nazo kuti ndalama isapite pachabe. Gawo lomaliza la cigar ndilo lamphamvu kuposa onse, ndipo palibe lamulo loti mulimalize.

Kukula kwake kumalembedwa ndi manambala awiri, kutalika ndi kunenepa. Kunenepa amawerenga m'magawo 64 a inchi, choncho 50 ndi pafupifupi masentimita awiri. Robusto, ya masentimita 12 ndi theka pa 50, imatha mphindi 45 mpaka ola. Churchill, ya masentimita pafupifupi 18 pa 47, imafuna ola ndi theka. Woyamba kumene asayambire pa yaitali.

## Buku lili ndi ligero wake

Mabuku a zaumbanda si amtundu umodzi, ndipo wogula mosasankha amakhumudwa ngati wogula cigar poona mtundu. Lina limafunsa kuti wapha ndani, n'kubisa yankho mpaka kumapeto. Lina limakuonetsani wakuphayo pa tsamba loyamba, funso n'kukhala lakuti amugwira asanaphenso kapena ayi. Lina limatsata apolisi pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, mafayilo, mboni zokana kulankhula, bwana wofuna zotsatira. Lina limasimbidwa ndi wolakwa mwini, mukumuona akumira. Loyamba limafuna mutu wozizira ndi pensulo. Lachiwiri limakuthamangitsani.

Ambiri kuno analowera pa James Hadley Chase, Mngelezi amene ankalemba za America modalira mapu ndi mabuku a mawu a mumsewu, kapena pa timabuku ta Pacesetters timene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, tokhala ndi zigawenga za m'mizinda ya mu Africa. Amene akufuna za kufupi ndi kwathu masiku ano angayese Deon Meyer, amene amalemba m'Chiafrikaans za apolisi a ku Cape Town, mabuku ake n'kumasuliridwa m'Chingelezi.

Buku labwino la mtundu woyamba uja limakhala ndi pangano ndi wowerenga. Mu 1929 wansembe wa ku England, Ronald Knox, analemba malamulo khumi a pangano limeneli, ndipo angapo akugwirabe ntchito poyesa buku. Wolakwa akhale munthu amene watchulidwa koyambirira. Wofufuza asapeze yankho mwangozi kapena mongolimva mumtima popanda umboni. Zamizimu zisathetse mlandu. Mapasa asatulukire kumapeto popanda kutichenjeza. Lachitatulo n'lofunika kwa ife. Nkhani ingathe kukhala ndi mudzi wonse wokhulupirira kuti munthu walodzedwa, ndipo zimenezo zimaikometsa, koma yankho libwere ndi umboni umene wowerenga anauona ndi maso ake. Buku lomwe wolakwa amangodzuka n'kuulula zonse popanda chomupanikiza landibera madzulo anga, ndipo wolemba wake sindimubwereranso.

Kawerengedwe kake nako kali ndi njira. Pindani pepala likhale choikira malire. Lembanipo dzina la munthu aliyense, komwe akuti anali, nthawi yake, ndi nambala ya tsamba. Olemba amabisa umboni malo awiri kawirikawiri: pakati pa mndandanda wa zinthu wamba, monga za m'thumba la malemu, kapena patsogolo penipeni pa phokoso, mfuti ikalira kapena foni ikaitana, kuti maso anu adumphe. Chinthu chopanda ntchito chikatchulidwa kawiri, chili ndi ntchito. Womangidwa koyambirira kwa buku nthawi zambiri si iye. Mukafika pa magawo awiri mwa atatu, imani, lembani dzina limodzi ndi chifukwa chake. Kulephera mutalemba kumakoma kuposa kunena kuti ndinadziwa kale mutaona yankho.

Kumbukiraninso kuti malamulo a m'bukumo ndi a kwawo. Gulu la anthu wamba 12 logamula mlandu, jury, ndi la ku America ndi ku England. M'Zambia mulibe. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court ndipo wogamula ndi jaji, pomwe apolisi amalemba warn and caution statement, mawu amene woganiziridwa amapereka atachenjezedwa. Ngakhale mtembo umamvera nyengo: kuuma kwa thupi kumene dokotala wa m'buku la ku Sweden amawerengera nthawi ya imfa kumafulumira m'kutentha kwa ku Mfuwe.

Mabuku ambiri amafika kuno ngati salaula, ndipo pogula pali choyamba kuchita. Tsegulani kumbuyo, phimbani mawu ndi dzanja, yang'anani nambala ya tsamba lomaliza ndi kuona ngati nkhani yatheradi. Buku la zaumbanda lothothoka masamba asanu omaliza ndi mlandu wopanda chigamulo. Yendetsani chala m'mphepete muone ngati manambala sakudumpha pakati. Pindani msana pang'ono: guluu wouma amalira, ndipo masamba amayamba kugwa sabata yomweyo. Timabowo tokhotakhota ndi chiswe, buku lotero lisayandikire anzake. Ngati ndi la mndandanda wa wofufuza mmodzi, onani kutsogolo kuti ndi lachingati, chifukwa lachisanu limatha kuulula mathero a lachiwiri.

## Kuziika pamodzi

Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi nthawi. Tsamba la buku laling'ono limatenga mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka kuwerenga. Cigar imafuna kukokedwa kamodzi pa mphindi. Mukatembenuza tsamba, kokani. Buku limakhala wotchi yanu, ndipo robusto imodzi imakuperekezani masamba 35 mpaka 45.

Koma si gawo lililonse la buku. Mitu yomaliza, pomwe wofufuza akuthamangira nyumba yoyaka, imachita chimodzi mwa ziwiri: mumakoka mosazindikira mpaka fodya kupsa, kapena mumaiwala mpaka kuzima. Cigar yamphamvu ndi ya koyambirira ndi pakati, pomwe mboni zikufunsidwa ndipo mukulemba pa pepala lija. Mathero awerengeni ndi tiyi yekha.

Khalani mbali yomwe mphepo ikuchotsa utsi pa buku, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo tsamirani khoma kuti khala lisapse mbali imodzi. Pepala limagwira fungo la utsi kwa zaka, choncho buku lobwereka lisakhale pa khonde limenelo. Mabuku akale nawo asagone pafupi ndi kontena yotsegula. Koilo ya udzudzu imapha kukoma konse, pomwe utsi wa cigar suletsa malungo. Valani thalauza ndi masokosi, koiloyo ikhale patali kumunsi kwa mphepo. Chakumwa chikhale khofi wakuda, tiyi kapena madzi. Mowa waukali pamwamba pa ligero umafulumizitsa chizungulire, ndipo mayina a pa pepala amayamba kusakanikirana.

## Zimene sindingabise

Kusameza utsi sikuchotsa ngozi. Utsi wa cigar umalowetsa nikotini kudzera m'kamwa momwemo, ndipo umayambitsa khansa ya milomo, lilime, kholingo ndi kummero, kuwonjezera pa matenda a nkhama ndi mtima. Cigar imodzi yaikulu itha kukhala ndi fodya wofanana ndi paketi yathunthu ya ndudu. Amene anasutapo ndudu amameza utsi mosadziwa, ndipo kwa iye mapapo nawo ali pa ngozi. Chilonda cha m'kamwa chosapola pakatha milungu iwiri kapena itatu n'chopita nacho kuchipatala, osati chodikira.

Kuyambira 2008 lamulo la m'Zambia limaletsa kusuta m'malo a anthu onse. Pakhomo lamulo ndi chikumbumtima: osati m'nyumba, osati pali ana, mayi woyembekezera kapena wodwala mphumu. Ngati simusuta, zonse ndalemba za buku zimakoma popanda fodya, ndipo sindikukuitanani kuti muyambe. Ngati mumasuta, ikhale ya apo ndi apo. Ikayamba kukuitanani tsiku lililonse, si chisangalalo chomwe takambachi.

## Zinayi zotsala zija

Ma cigar anayi aja anadutsa m'firiza, kenako anagona m'kontena milungu isanu ndi umodzi, iwiri pa 62, inayi pa 65. Imodzi inali itang'ambika kale kuphazi ndipo sinachire. Zitatu zinabwerera.

Kumayambiriro kwa Disembala amalume aja anabweranso m'tauni kudzagula feteleza wobereketsa. Mvula inali ikugunda malata, fumbi la pa Kanjala litatsukika, phiri lonse lili biriwiri. Atatha kudya, mphwawo anawapatsira kontena ndi manja awiri. Anasankha imodzi, anaifinya pang'ono pakati pa zala ziwiri, inabonyoka n'kubwerera. Anaiyandikiza kukhutu n'kuizunguliza. Sinalire. Ananunkhiza kuphazi nthawi yaitali, maso ali chitsinzire.

"Tsopano wamwa. Yatsa, koma ukhale uko, utsi usabwere kwa ine."

Bamboyo anadula mamilimita ake awiri, anawotcha phazi mofatsa, n'kutsegula buku lina, pepala lopinda lili pakati. Moto unayenda mozungulira mofanana. Phulusa loyererako linafika masentimita atatu lisanagwe, ndipo pansi pake panaoneka kansonga kofiira ka ligero.

Patapita nthawi amalume analoza bukulo ndi chibwano.

"Wamupeza wakuphayo?"

"Ndikadali ndi anthu atatu pa pepala, Malume."